Kabedi ka mwana musamangoona penti, tengani tepi muyeze

Bwana Mkonzi,

Ndibwerekeniko kampata pa tsamba lanu la makalata ndiyankhulepo za kabedi ka mwana wakhanda, kaja atauni amati bebi koti. Ine ndine kalipentala, shedi yanga ili ku Ndirande, ndagwira pulena ndi sowo zaka zopitirira 20, nde zomwe ndikufuna kunenazi sikuti ndikuloza chala anzanga ayi, zambiri ndi zoti ndinalakwitsa ndekha ndi manja anga omwewa ndipo zinatsala pang'ono kundidyera mdzukulu.

Masiku ano kasitomala wa kabedi akafika amayamba nkutulutsa foni. Amati bambo ndikufuna chonchi, nkukuonetsa chithunzi cha pa Facebook kapena chomwe wina waika pa sitetasi ya WhatsApp, kabedi koyera mbee, kumutu aboola bowo la mtima, m'makona muli timitu tozungulira ngati mpando wa mfumu, mkatimo mwadzaza mapilo ndi zidole mpaka pogona mwanayo sipakuoneka. Mafunso amakhala awiri basi, ndi zingati, komanso kodi mumaliza lisanafike Loweruka poti kuli bebi shawa. Pa zaka zonsezi amene anandifunsapo kuti mpata wa pakati pa timatabwa ta m'mbali mukusiya waukulu bwanji ndi mayi mmodzi yekha, ndipo ndinadzamva pambuyo kuti ndi namwino. Ena onse amangoona penti. Ifenso akalipentala poti geni ndi geni timangoti ayi bwana musadandaule tipanga chimodzimodzi, kenako nkumayeza ndi maso.

Zanga zinayenda chonchi. Mwana wanga wamkazi woyamba ataona mphatso, ndinati agogo ake a mwana ndi kalipentala, sizoona kuti akagule kabedi kwina anthu angandiseke. Ndinakhoma kabedi kokongola ndithu, ka paini, vanishi kupaka katatu. Koma nthawi imeneyo matabwa anali atakwera mtengo nde mbali iliyonse yaitali ndinangoika timatabwa 9, mumtima ndikuti bola mwana sangagwe komanso mphepo izilowa bwino. Miyezi yoyambirira kunalibe vuto chifukwa khanda limangokhala pomwe waligoneka. Atafika miyezi 7, wayamba kugubuduka ndi kudzikankha ndi mapazi, usiku wina mayi ake anangomva kakulira kachilendo, kotsamwa, kuyatsa tochi ya pa foni kupeza miyendo ndi thupi lonse zatulukira kunja zikulendewera, mutu watsalira mkati, nkhope yakanikizika pa matilesi. Mwayi wake kabediko kanali kogundana ndi bedi lawo ndipo mayi woyamwitsa tulo take ndi ta nkhuku. Akanakhala kuti anamugoneka kuchipinda kwa yekha ngati mmene ena akuchitira pano potengera za m'mafilimu, bwenzi ine nditakhoma ndekha kabokosi ka mdzukulu wanga yemwe. Kutacha ndinapita ndi tepi, mpata unali masentimita 9 ndi kanthu. Tsiku limenelo shedi sindinatsegule.

Chomwe ndinali ndisanachiganizepo nchakuti ife timayeza ndi mutu. Timati mutu wa mwana sungadutse apa nde zili bho. Koma mwana sayamba ndi mutu ayi, amayamba ndi mapazi, ndipo khanda mutu wake ndi waukulu kuposa chifuwa, chifuwacho nchofewanso chimafinyika, nde thupi limadutsa bwinobwino pamalo pomwe mutu sungadutse, khosi nkutsala pa thabwa. Mlamu wanga yemwe ali ku UK atamva nkhaniyi ndi amene ananditumizira miyezo yomwe amatsata kunjako. Ku America lamulo limati mpata usapitirire mainchesi 2 ndi 3/8, omwe ndi pafupifupi masentimita 6. Ku Ulaya amati ukhale pakati pa masentimita 4.5 ndi 6.5, chifukwa ukachepetsanso kwambiri kamwendo kapena kamkono kamakanirira. Ngati mulibe tepi, tengani kachitini ka zakumwa zoziziritsa kukhosi kaja ka 330 ml kakakulu mimba, kakadutsa pakati pa timatabwa musagule, ngakhale kabediko kakongole bwanji. Ine pano ndinacheka kathabwa ka masentimita 5.5 kamene ndimayezera, kali pa msomali pamwamba pa benchi ndipo anyamata anga akudziwa kuti kakasowa kameneko ntchito yaima. Mbali ya masentimita 120 yomwe ndinkaika timatabwa 9 pano ndimaika 14. Timatabwa 5 tokha toonjezera mbali imodzi, ndalama yake siikwana ngakhale keke ya pa bebi shawa, koma mudzaone kasitomala mmene amanenerera mtengo pamenepo.

Za mabowo a mtima ndi nyenyezi kumutu kwa kabedi ndinasiya, nkhani yake ndi yomweyo ya mutu kukanirira. Timitu ta m'makona tija natonso ayi. Mwana akayamba kuimirira chogwirira, kamalaya kapena kachingwe ka m'khosi kakakola pa kamutu kaja iye nkuterereka, wadzimangirira. Pamenepa ndinenenso za agogo anzanga omwe amaveka mwana kachingwe kapena mkanda m'khosi, za chikhulupiriro chake ine sindilowererapo, aliyense ali ndi kwawo, koma pogona chichoke m'khosimo. Makona akhale osalala, ofanana ndi thabwa la pamwamba. Ndipo mukafika pa shedi kudzatenga kabedi kanu musachite manyazi, kagwedezeni mwamphamvu ngati mukukwiya nako, gwirani kathabwa kalikonse mukapotokole. Kakamazungulira kapena kulira kwii ndekuti anangokhoma misomali popanda guluu, popanda kuboola malowa ake. Paini wa ku Chikangawa ndi wabwino akauma, koma ambiri timagula wamuwisi nkukhoma tsiku lomwelo, pakatha miyezi iwiri wauma ali m'nyumba mwanu, wapindika, misomali yatulutsa mitu. Kathabwa kokhala ndi mfundo yaikulu pakati kamathyoka mwana akamakankha ndi phazi. Yendetsani chikhatho paliponse, pomwe pakubayani inu mwana pamucheka.

Nkhani ya penti ndi ina yomwe sitiilabadira. Mwana mano akamamera nkhama zimamuyabwa ndipo thabwa la pamwamba lija amalitafuna ngati nzimbe, aliyense amene walera mwana mu koti akudziwa timabala ta mano timene timatsala pamenepo. Penti wina wa mafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, amakhala ndi mtovu, ndipo mtovu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo mwakachetechete, palibe malungo palibe chifuwa, mudzangoona kusukulu zikumuvuta. Ku America analetsa penti wa mtovu wa m'nyumba mu 1978. Kwathu kuno a bungwe lolimbana ndi mtovu la Lead Exposure Elimination Project anayeza penti wa m'mashopu mu 2020 nkupeza mtovu wochuluka mu mitundu yambiri, a Malawi Bureau of Standards anachitapo kanthu ndipo poyezanso mu 2023 zinali zitatsika kwambiri, zomwe nzoyamikika. Koma vuto ndi loti kalipentala sataya chitini, tili ndi zitini zakale kuseri kwa shedi zomwe timangothira thinazi nkupitiriza. Nde funsani kuti penti ameneyu ndi uti, muone chitini chake, ngati nkotheka akhale wosungunula ndi madzi. Ine ndikanakhala inu ndikanangoti kwecheni bwino ndi sandipepa musiye thabwa lili choncho, silikongola pa chithunzi koma mwana angatafune mmene angathere. Ndipo chonde matabwa opakidwa mankhwala a chiswe kapena oyilo wakuda wa galimoto ndi a denga ndi mpanda, asayandikire kabedi ka mwana. Kabedi kopakidwa kumene kayambe kakhala pakhonde masiku angapo fungo lithe, osati kuchoka pa shedi lero mawa mwana walowamo chitseko ndi mawindo zili chitsekere poti ali m'chikuta.

Matilesi ndi pomwe pamagwa anthu ambiri omwe kabedi agula kabwino. Ndalama imathera pa thabwa nde matilesi amangocheka ku chisiponji chakale cha pa bedi la akuluakulu, chofewa kale, chokumbika pakati, kuchekanso ndi mpeni wa kukhitchini mokhotakhota. Matilesi a khanda afunika olimba, mukadina ndi dzanja abwerere nthawi yomweyo, chifukwa khanda likagwetsa nkhope pa chinthu chofewa lilibe mphamvu yodzutsa mutu. Akhalenso okwana thinithini. Lowetsani zala pakati pa matilesi ndi thabwa, zikalowa zoposa ziwiri mpatawo ndi waukulu, mwana atha kugweramo nkhope. Ine ndimauza makasitomala kuti yambani mwagula matilesi mubwere nawo, ine ndikhome kabedi mozungulira matilesiwo, osati kukhoma kaye nkumakasaka okwana. Saizi yodziwika ndi masentimita 120 mulitali ndi 60 mulifupi. Kuchokera pamwamba pa matilesi kufika pamwamba pa thabwa la m'mbali pakhale masentimita osachepera 50 mwana akayamba kukhala ndi kuimirira, nde mukaunjika masiponji awiri kuti pafewe mwamupangira makwerero. Chinanso, pulasitiki ija matilesi amabwera nayo kuchokera ku shopu. Ndikudziwa ife Amalawi pulasitiki sitichotsa, pa sofa, pa rimoti, pa mpando wa galimoto, ndipo pa matilesi a mwana timati itchinga mkodzo. Ichotseni, ikang'ambika nkumata pa mphuno ya mwana palibe kulira komwe mungamve. Makintoshi okhuthala oyalidwa mokoka pansi pa nsalu yopisiridwa bwino ndi omwe agwire ntchito imeneyo.

Tsono pali timabedi tobwera m'makontena ndi tomwe anthu akugulitsana pa Facebook, amati ka ku UK aka, orijino. Ena mwa iwo ndi abwino zedi, sindinganame, ndimasirira mmene anacheka. Koma anthu amandibweretsera pa shedi kuti ndiwamangire ndipo kawirikawiri mabawuti amakhala osakwana, pepala la kamangidwe kulibe, mwini wake wamangirira kale kona imodzi ndi waya kapena mphira wa chubu. Toopsa kwambiri ndi tija tokhala ndi mbali imodzi yotsetsereka, yoti mayi amaitsitsa pofuna kunyamula mwana. Tizitsulo ndi timapulasitiki tomwe mbaliyo imayendamo tikatha kapena kuthyoka, mbali ija imatseguka pansi nkusiya mpata pakati pa iyo ndi matilesi, mwana amagweramo nkukanirira. Ku America bungwe loona za chitetezo cha katundu la CPSC linawerenga ana osachepera 32 omwe anafa ndi timabedi totere kuyambira chaka cha 2000, ndipo kuyambira mu June 2011 nkoletsedwa kupanga kapena kugulitsa, ngakhale kugulitsa kogwiritsa kale ntchito. Nde dzifunseni kuti katundu amene eni ake anamukana amathera kuti, si kuno komwe timalandira chilichonse bola chanunkhira kunja? Kotere kakabwera kwa ine ndimamanga mbaliyo ndi mabawuti m'makona onse anayi isadzayendenso, mwini wake akakana ndimamuuza kuti kanyamuleni mukapangitse kwina. Matilesi obwera nako ndimati atayidwe, simudziwa anasungidwa pati, nkhungu ndi nsikidzi sizilembedwa pa risiti.

Chimodzimodzi timipando topendekeka togwedera tija tomwe mwana amagona chokhala. Mu 2019 kampani ya Fisher-Price inaitanitsa kuti tibwezedwe timipando take totchedwa Rock 'n Play tokwana 4.7 miliyoni ana atafera momwemo. Khanda likagona mopendekeka mutu umagwera pa chifuwa njira ya mpweya nkupindika ngati paipi ya madzi. Mu 2022 dziko la America linakhazikitsa lamulo loletsa zogonekera ana zopendekeka pamodzi ndi timakhushoni tija tozungulira mkati mwa kabedi. Timakhushoni timeneti kuno nde tafika pa fasho, matelala akusoka ta chitenje tofanana ndi makatani, tokongola ndithu, ndi tizingwe tomangira pa thabwa. Amati mwana asagunde mutu. Bwana Mkonzi, mwana wogunda mutu pa kathabwa amalira mphindi ziwiri nkuiwala, koma wokanikiza mphuno pa khushoni salira nkomwe. Timakhushoni timeneti tinayamba kale pomwe mipata inali ikuluikulu, mukakonza mpata ntchito yake yatha.

Ndikudziwa apa amayi ena andida, koma kabedi kabwino ndi kopanda kanthu mkati. Matilesi, nsalu yoyala, mwana, basi. Pilo ayi mpaka atakwanitsa chaka, chidole chachikulu chija anapereka azakhali chikhale pa kabati. Ndipo mwana agone chagada. Pamenepa mayi a kunyumba kwanga tinakangana nawo sabata yathunthu, iwo amati ana athu onse asanu ndinkawagoneka chafufumimba kapena chammbali kuopa kuti akabweza mkaka angatsamwe, ndipo onse ali moyo. Zoona ali moyo, ngati mmene ambiri okwera kabaza opanda chipewa amafikira kunyumba. Koma azungu nawonso ankagoneka ana chafufumimba, madokotala awo omwe ndi amene ankawauza choncho, mpaka ataona kuti ana ambiri akungopezeka atafa m'tulo popanda matenda. Ku Britain anayamba kampeni yogoneka ana chagada mu 1991, ku America mu 1994, ndipo imfa zoterezi zinatsika ndi kupitirira theka. Mwana wabwinobwino akabweza mkaka ali chagada amameza kapena kutembenuza mutu yekha. Imfa zimenezi zimachuluka mwana ali ndi miyezi 2 mpaka 4. Kwathu kuno zikachitika timathamangira kuloza agogo a kuseri kuti atafuna mwana, nkhalamba nkuvutika, pomwe mwina nkhani inali bulangeti. Za kuopa kuti mutu uphwatalala kunkhongo, ife tili ndi mwayi kale chifukwa mwana amatha tsiku ali kumbuyo pa chitenje, ndipo akakhala maso mutha kumamugoneka chamimba pa mphasa inu mukumuona.

Kufunditsa nako timaonjeza. Mwezi wa October ku Blantyre kuno munthu wamkulu ukugona chosavala, koma khanda lili ndi chipewa cha ulusi, masokosi, juzi, shawelo, pamwamba bulangeti la ku Joni lija lolemera ngati thumba la simenti. Kutenthedwa kwambiri nakonso kumaika mwana pa chiopsezo cha imfa ya m'tulo. Musamayeze ndi manja kapena mapazi ake, amenewo amazizira nthawi zonse, gwirani pa chifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, pakakhala thukuta chotsani chimodzi. Chipewa m'nyumba pogona chichoke. Mugonekeni mapazi atagunda kumiyendo kwa kabedi, kabulangeti kopepuka kafike pa chifuwa nkukapisira m'mbali, kuti akamadzikankha asalowe pansi pake. Ndipo June akafika, kuzizira kwa ku Dedza kapena ku Mzuzu kuja, mbaula isagone m'chipinda. Utsi wa makala suoneka, sununkha, umapha akuluakulu amphamvu zawo, nanji khanda.

Neti nde musayerekeze kuisiya, malungo ndi omwe tikuwadziwa tonse kuti amatenga ana, ndipo kusikelo amapereka ulere kwa amayi oyembekezera. Kungoti kamangidwe kake. Ambiri amangoiponya pamwamba pa kabedi nkumalendewera mkati, mwana wa miyezi 6 amaikoka nkudzikulunga nayo. Uzani kalipentala akuikireni timitengo tinayi titalitali toti neti ikokedwe pamwamba mwana asaifikire ngakhale ataimirira, kunsi ipisiridwe bwino kunja kwa timatabwa, kapena kabedi kagundane ndi bedi lanu nonse mulowe mu neti imodzi yaikulu. Magetsi akazima kandulo ikhale kutali, neti ikagwira moto imasungunuka nkumadontha pa mwana. Kabedi kasakhale pansi pa windo pomwe pali zingwe za makatani, kapena pafupi ndi soketi pomwe mumatchajira foni usiku. Koma kakhale m'chipinda chomwe mukugona inu, miyezi 6 yoyambirira osachepera, umboni wake ndi mdzukulu wanga uja.

Ndisaiwale kuti ambiri owerenga nyuzi ino kabedi sadzagula nkomwe, ndipo sindikuwanyoza. Inenso ndinakulira pa mphasa kumbuyo kwa mayi anga, nyumba zambiri za ku Ndirande kuno ndi chipinda chimodzi, poika kabedi palibe, komanso mwana woyamwa usiku amafuna bere pafupi. Kugona ndi mwana si tchimo. Koma pali nthawi zomwe kumaopsa kwambiri ndipo nkhani yomugonera mwana si yatsopano, tonse timaimva kutchalitchi ija ya amayi awiri kwa mfumu Solomo. Bambo akabwera atalawa, kaya ndi kachasu kaya ndi wa m'botolo, asagone bedi limodzi ndi khanda, apite pa mkeka. Chimodzimodzi ngati wina m'nyumbamo amasuta fodya, kapena mayi wamwa mankhwala ogonetsa, kapena mwana anabadwa masiku asanakwane kapena wosakwana makilogalamu 2.5. Ana akuluakulu asagone moyandikana ndi khanda, amaponya miyendo. Mwana asakhale kumbali ya khoma komwe kuli mpata pakati pa bedi ndi khomalo. Ndipo choopsa kuposa zonse ndi kugona naye pa sofa mukuonera TV, amatsetserekera pakona ya khushoni inu muli mtulo. Za ana obadwa osakwana masiku omwe ali pa kangaroo, njira ija yomangirira mwana pachifuwa cha mayi yomwe inayambira ku Zomba Central Hospital mu 1999 kuno kwathu, amenewo tsatirani zomwe anamwino akuuzani, si za kalipentala.

Chomwe chinandidabwitsa nchakuti maiko olemera omwewo sachita manyazi ndi zinthu zotchipa. Ku Finland boma lakhala likupereka katoni ya katundu wa mwana kwa amayi kuyambira mu 1938, poyamba kwa osauka kenako mu 1949 kwa onse, ndipo katoniyo ili ndi kamatilesi pansi, ana ambiri bedi lawo loyamba ndi katoni imeneyo. Ku Scotland anayamba zomwezo mu 2017. Ku New Zealand a mtundu wa Maori, omwe ngati ife amakonda kugona ndi ana awo, analuka kadengu kotchedwa wahakura koti khanda lizigona momwemo pa bedi pomwepo pambali pa mayi, lili ndi malo akeake koma bere lili pafupi. Nanga ife oluka mlaza ndi nsungwi atichepera? M'mbali mwa misewu yathu mwadzaza madengu ndi mipando yoluka. Kadengu ka pansi pophwatalala, kolimba, kopanda tizisonga, ndi kamatilesi kopyapyala kokwana bwino, kangathandize mwana miyezi yoyambirira mpaka atayamba kugubuduka, pamtengo woti mayi wogulitsa tomato angakwanitse. Koma mayi wa ku Namiwawa muuzeni kuti mwana agone mu dengu, akuyankhani kuti mwana wanga si nkhuku.

Pempho langa kudzera mwa inu Bwana Mkonzi lipite kwa a Unduna wa Zaumoyo, a Malawi Bureau of Standards ndi a TEVETA omwe amaphunzitsa anyamata athu ukalipentala. Tilembereni kapepala kamodzi kokha m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kokhala ndi chithunzi ndi miyezo, mpata wa timatabwa, kuya kwa kabedi, za makona, za penti, kagawidwe m'mashedi a ku Ndirande, Mchesi, Zingwangwa ndi kwina konse komwe tikukhoma. Ife sitikana kuphunzira, palibe kalipentala amene amafuna kupweteka mwana wa kasitomala, kungoti ntchitoyi ambiri tinaphunzirira pa shedi ya amalume ndipo amalumewo anaphunzira mipando, zitseko ndi mabokosi a maliro. Kusikelo nakonso pomwe amayi akuimba nyimbo za katemera ndi kuyamwitsa mwakathithi, anamwino ndi alangizi a zaumoyo atawonjezerapo mphindi zisanu za pogona mwana, mayi azibwera pa shedi akudziwa chofunsa. Kasitomala akafunsa ife timasintha msanga kuposa kuopa lamulo, chifukwa safuna kuti ndalama ipite pa shedi ya mnzake ndani.

Sabata yatha kunabwera banja lina lachinyamata, mayi ali pafupi kuchira, chithunzi chili pa foni monga mwa nthawi zonse. Ndinawafotokozera zonsezi, bambo anamvetsa, mayi anati koma bowo la mtima lokhalo musachotse. Tinagwirizana kuti mtimawo ndijambula ndi chizulo pamwamba pa thabwa osaboola. Kaya abweranso kudzapereka dipoziti kaya apita kwa mnzanga wa kutsidya kwa msewu yemwe safunsa zambiri, tiona Loweruka.

Kabedi kaja ka timatabwa 9 ndinakatenga kwa mwana wanga tsiku lomwelo, sindinafune kuti wina adzakabwereke poti kuno kabedi kamodzi kamalera ana a mpingo wonse. Pano kali kuseri kwa nyumba, mayi a kunyumba amasungiramo anapiye, ndipo ndinachita kukakuta ndi waya wa sefa chifukwa anapiyewo amatulukira pa mpata womwe uja.

Kalipentala wa ku Ndirande,
Blantyre